Youtiao yosatupa: chimalakwika n'chiyani pakati pa mtanda ndi chiwaya

Youtiao ndi chakudya cha ku China cha mtanda wa ufa wa tirigu wokazinga m'mafuta. Yophikidwa bwino imakhala yaitali, yopepuka m'manja, yofiirira pang'ono kunja, ndipo mukaithyola mumapeza mphako zikuluzikulu zolekanitsidwa ndi timakoma topyapyala. Ku China amaidya m'mawa ikadali yotentha, akuiviika mu mkaka wa soya kapena kuiduladula m'phala la mpunga. Ku Guangdong ndi ku Hong Kong amaitchula kuti yau char kwai, ku Indonesia cakwe, ku Thailand pathongko, ndipo ku Vietnam amaiviika mu msuzi wa kumeneko wotchedwa pho. Koma anthu oiphika kunyumba dandaulo lawo ndi limodzi: yawo imatuluka yolemera, yothinana mkati, yomwa mafuta, ikangozizira n'kuuma gwa. Amasintha ufa, amawonjezera baking powder, amabwereka chiwaya china, mawa lake zomwezo.

Amene amavutika kwambiri ndi akatswiri a mandasi, ndipo ndikunena izi mowapatsa ulemu wonse. Manja awo anaphunzira kuti mtanda umakandidwa mwamphamvu, umathiridwa shuga wokwanira, ndipo umakazingidwa pa moto wapakati kuti upse pang'onopang'ono mpaka mkati. Pa mandasi n'zoona zimenezo. Youtiao ndiye imafuna zosiyana nazo zonse: mtanda wofewa wosavutitsidwa, wopumula maola ambiri, wopanda shuga, wogwera m'mafuta otentha kuposa amene mungayerekeze kuponyamo ndasi.

Chifukwa chake chili m'masekondi ochepa oyambirira. Mtanda ukagwa m'mafuta a madigiri 190 mpaka 200, mkati mwake madzi amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafuna malo ochuluka pafupifupi ka 1,700 kuposa madzi amene yachokerako. Baking powder nayo imatulutsa mpweya wake nthawi yomweyo. Zonsezi zimakankhira mtanda kunja. Koma kunjako khungu likuuma ndi kulimba, ndipo likangolimba kutupa kwathera pomwepo. Ndiye pali mpikisano: mtanda ufutukuke khungu lisanatseke. Pafupifupi vuto lililonse la youtiao limachokera pa chimodzi mwa ziwiri, mtanda wouma khosi umene sukulola kukankhidwa, kapena mafuta osatentha mokwanira kuti aukankhe msanga.

Kuti tizikamba za mtanda umodzi, muyezo umene ndikuugwiritsa ntchito pano ndi uwu: ufa wa tirigu magalamu 500, baking powder magalamu 12 (timasupuni ta tiyi titatu tosaunjika), soda theka la kasupuni, mchere magalamu 8, dzira limodzi, mafuta ophikira masupuni aakulu awiri, ndi madzi ozizira mamililita 260 mpaka 280. Ngati muli ndi sikelo ya kukhitchini, yezani pa sikelo. Makapu amanama, chifukwa ufa wotsendera ndi ufa wosefa sulemera mofanana m'kapu imodzi yomweyo.

Ikakana kutupa

Yambani ndi funso ili: kodi mtandawo unapumula nthawi yaitali bwanji? Mu ufa wa tirigu muli mapuloteni amene akakumana ndi madzi amalukana n'kupanga gluten, chimene chimachititsa kuti mtanda uzitamuka. Youtiao imafuna gluten, chifukwa popanda iye timakoma ta mphako timang'ambika mpweya n'kuthawa. Koma gluten wongokandidwa kumene amakhala wokungika; mukaukoka mtanda umabwerera, ndipo nthunzi ikaukankha umakaniranso. Mankhwala ake ndi nthawi basi. Palibe baking powder yochuluka imene ingalowe m'malo mwa kupumula.

N'chifukwa chake ophika a ku China sakanda mtanda uwu monga wa buledi. Amasakaniza mpaka ufa wouma usaoneke, kenako amausindikiza ndi zibakera kuti ufalikire, amaupinda kuchokera m'mbali kupita pakati, n'kusindikizanso. Amauvundikira kwa mphindi 20 kapena 30, n'kubwereza kupindako. Akatero kawiri kapena katatu, mtanda umene unali wamabuluma umasalala wokha. Pamenepo upangeni kukhala wautali ngati lamba wonenepa, upakeni mafuta mbali zonse, ukulungeni m'pulasitiki mosasiya mpweya, ndipo ugone mu firiji maola 8 mpaka 12.

Apa ndi pamene ambiri amawonongera ntchito yonse ya dzulo. M'mawa amautulutsa mtanda, manja n'kuyabwa, amaukandanso pang'ono "kuti ufewe". Kukanda kamphindi kokha kumakunganso gluten yense amene anamasuka usiku. Musaukande, musaupinde, musauumbe mpira. Ichi n'chifukwa chake ndanena kuti muupange lamba usanalowe mu firiji, kuti m'mawa ntchito ikhale kungoukoka pang'ono ndi kuuphwatalitsa.

Usadulidwenso uli wozizira. Mtanda wochoka mu firiji umakhala wolimba, ndipo ukalowa m'mafuta khungu limapsa mkati musanatenthe n'komwe. Usiyeni pathebulo uli wokulungabe kwa ola limodzi, kapena awiri ngati kuli chisanu cha June ndi July, mpaka mukaugwira usamveke kuzizira. Kuti mudziwe ngati wakonzeka, dulani kachidutswa n'kukakoka mbali zonse ziwiri. Kakatalika kuwirikiza kawiri popanda kulimbana nanu n'kukhala pomwepo, yatsani moto. Kakabwerera, vundikirani mudikirenso mphindi 20.

Kumene magetsi amazimazima, kapena kumene kulibe firiji, musausiye mtanda usiku wonse panja m'nyengo yotentha ngati ya October. Muli dzira, ndiponso baking powder imayamba kutaya mpweya ikangonyowa, ndipo imataya msanga kukatentha. Ukonzeni tsiku lomwelo ndi madzi ozizira, ikani mbale yake m'beseni la madzi ozizira pamalo a mthunzi, upumule maola atatu kapena anayi. Mphako zake sizikula ngati za mtanda wogona mu firiji, koma imatupa ndithu.

Chinthu chachiwiri ndi madzi. Mtanda wa youtiao umakhala wofewa kwambiri ndipo poyamba umamata m'manja. Munthu akaona choncho amathamangira ufa, chikhatho chimodzi, kenako china, mpaka mtanda "utakhala bwino". Utakhala bwino m'manja, koma nthunzi yoti iutupitse yachepa ndipo walimba. Ukamata, pakani mafuta m'manja, osati ufa m'mbale. Pakutha pa kupuma koyamba kumatako kumachepa kokha, ufa ukamwa madzi.

Za mtundu wa ufa anthu amakangana kwambiri kuposa mmene nkhaniyo ilili. Werengani pa paketi: ufa wa mapuloteni magalamu 10 mpaka 11 pa magalamu 100 ndi wabwino. Wa buledi wokhawokha umatheka, koma umafuna madzi owonjezera ndi kupumula kotalikirapo, ndipo youtiao yake imatafunika ngati mphira ikazizira. Ufa wofooka kwambiri umapereka youtiao yofumbutuka yopanda mphako. Ngati muli ndi mitundu iwiriyi, sakanizani theka ndi theka. Ufa wa self-raising muli kale baking powder, ndipo simudziwa kuti ndi yochuluka bwanji kapena yakhalitsa bwanji pa shelefu, ine sindiulangiza.

Baking powder imafa, makamaka chitini chikatsegulidwa n'kudutsa dzinja lachinyezi. Thirani kasupuni kamodzi m'kapu ya madzi otentha. Ikachita thovu lamphamvu nthawi yomweyo ili moyo. Ikangoti pwipwi pang'ono, itayeni. Pogula, sankhani yolembedwa kuti double acting, imene imasunga gawo la mpweya wake mpaka itamva kutentha. Ina imatulutsa pafupifupi wonse ikangonyowa, ndiye pofika m'mawa m'mtanda mulibe kanthu.

Nanga yisiti? Alipo ambiri amene amaika, ndipo chimene chimatuluka chimadyeka bwino. Koma mkati mwake mumakhala timabowo ting'onoting'ono tofanana ngati ta buledi, osati mphako. Ngati dandaulo lanu ndi lakuti youtiao ikufanana ndi buledi wokazinga, chotsani yisiti poyamba musanasinthe china chilichonse.

Tizidutswa tiwiri, ndi chifukwa chake timasiyana m'chiwaya

Youtiao imapangidwa ndi tizidutswa tiwiri tosanjikiza. Pali nthano yake. M'chaka cha 1142, mu ufumu wa Song ku China, mkulu wankhondo Yue Fei anaphedwa ku Lin'an, mzinda umene lero ndi Hangzhou, ndipo anthu analoza chala nduna yaikulu Qin Hui ndi mkazi wake. Nthanoyo imati ogulitsa zakudya anaumba tianthu tiwiri ta mtanda, n'kutimata pamodzi n'kutiponya m'mafuta owira posonyeza mkwiyo. Mpaka lero ziboliboli zachitsulo za awiriwa zili chogwada pa manda a Yue Fei pafupi ndi nyanja ya West Lake ku Hangzhou komweko. Kaya chakudyachi chinayambadi motero kapena ayi, kusanjikizako kuli ndi ntchito yeniyeni. Pamene tizidutswato takhudzana mafuta safikapo msanga, ndiye pamakhala pofewa nthawi yotalikirapo, ndipo mtanda umapitiriza kufutukuka kuchokera pamenepo kwina konse kutauma. Kachidutswa kokazingidwa kokha kamatsekeka mbali zonse nthawi imodzi n'kutuluka kowonda.

Kadulidwe kake ndi aka. Wazani ufa pang'ono pathebulo, kokani mtanda ndi kuuphwatalitsa ndi manja kapena botolo loyera mpaka ukhale lamba wa masentimita 10 mpaka 12 m'lifupi, wokhuthala mamilimita 6 mpaka 8. Wazaninso ufa pamwamba, usiyeni mphindi 10, ndiye dulani tizidutswa ta masentimita awiri ndi theka kapena atatu. Mpeni ukhale wakuthwa ndipo muzitsitsa kamodzi, osacheka mopita ndi kubwera. Viikani kamtengo kowonda m'madzi, kagonekeni pakati pa kachidutswa kamodzi m'litali mwake kuti pakhale mzere umodzi wonyowa, sanjikani china pamwamba, kenako sindikizani ndi kamtengo kouma pamzere womwewo mpaka m'mbali mutukuke pang'ono.

Tizidutswato tikamasiyana m'mafuta, ndiye kuti mwina ufa wowaza unachuluka, mzere wamadzi munauiwala, kapena simunasindikize mokwanira. Tsinaninso nsonga zonse ziwiri musanaponye. Vuto lina ndi losiyana ndi limeneli ndipo silidziwika msanga: tizidutswa timamatana nkhope yonse, chifukwa munanyowetsa paliponse kapena simunawaze ufa n'komwe. Pamenepo mwapanga chidutswa chimodzi chonenepa, ndipo chimatuluka chothinana, pakati pali pawisi. Chofunika ndi chakuti pamatane pakati pokha, mapiko anayiwo akhale omasuka. Musagwiregwirenso m'mbali modulidwamo. Mukamufinya mumatseka malo amene amayamba kufutukuka.

Pokoka, gwirani nsonga ziwiri, nyamulani, lolani kulemera kwake kukuthandizeni, mpaka itatalika pafupifupi kawiri. Yezani ndi chiwaya chanu. Youtiao yopindika chifukwa chiwaya chachepa siitembenuzika, choncho ndi bwino kudula zazifupi.

Mafuta

Youtiao yomwa mafuta siinamwe chifukwa mafuta anachuluka m'chiwaya. Inamwa chifukwa anali osatentha. Pamene nthunzi ikutuluka mwamphamvu m'mtanda, mafuta amalephera kulowa. Moto ukafooka nthunzi imafooka, ndipo mtanda umakhalitsa m'chiwaya ukuyamwa. Kuchepetsa mafuta kumangowonjezera vutoli, chifukwa mafuta ochepa amazizira msanga mukaponyamo mtanda. Akhale akuya masentimita osachepera 5, kuti youtiao iyandame ndi kugudubuzika osakhudza pansi. Gwiritsani ntchito oyengedwa bwino, a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza, chifukwa osayenga amafuka utsi asanafike pa kutentha kumene tikufuna.

Ngati mulibe choyezera kutentha, ponyanimo kachidutswa kakang'ono ka mtanda. Kayenera kumira n'kubwerera pamwamba m'masekondi awiri kapena atatu, katazingidwa ndi thovu. Kakakhala pansi kakuganiza, dikirani. Kakada nthawi yomweyo kapena mafuta akayamba utsi, chotsani chiwaya pamoto kaye. Pa mbaula kuyeza kumeneku kuzichitika kawirikawiri, chifukwa makala amayamba mwaukali n'kumafooka phulusa likamakwera. Kupizani kapena onjezani makala musanaponye zina. Muziponya ziwiriziwiri basi, ndipo pakati pake muzipatsa mafuta mpata wobwerera pa kutentha kwake.

Ikangoyandama, yambani kuitembenuza ndipo musaleke. Amene anaonapo ophika a m'misewu ya ku China amakumbukira timitengo tiwiri titalitali tikugudubuza youtiao mosapuma. Si zodzionetsera. Mbali imene yakhalitsa pansi imauma msanga n'kuleka kukula, ndiye youtiao imapindika kapena kutupa mbali imodzi. Kugudubuza kumachedwetsa kuuma kwa khungu mbali zonse mofanana. Ikasiya kukula mukhoza kuchepetsa kutembenuza n'kungodikira mtundu. Zonse pamodzi zimatenga pafupifupi mphindi ziwiri.

Ikada kunja mkati muli mwawisi, yang'anani zinthu zitatu: mafuta opitirira madigiri 200, tizidutswa tonenepa kwambiri kapena tosakokedwa mokwanira, ndi shuga. Shuga ndi mkaka zimadetsa khungu msanga pa kutentha kotere. Youtiao ndi ya mchere. Wofuna kutsekemera athire shuga mu mkaka wa soya woviikamo, monga amachitira ambiri ku China komweko. Mafuta okazingira kambirimbiri, akuda ndi ochita thovu losatha, nawonso amadetsa ndi kupereka fungo. Sefani nyenyeswa za ufa mukamaliza, chifukwa ndi zimene zimapserera n'kuwononga mafuta.

Chonde samalani ndi mafuta amenewa. Itsitseni youtiao pang'onopang'ono, pakati poyamba kenako nsonga, osaiponya muli patali. Manja ndi ziwiya zikhale zouma, ana akhale kutali, ndipo mafuta akagwira moto vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo. Madzi ayi, ngakhale dontho.

Kuwawa, fungo, ndi nkhani ya alum

Youtiao yowawa, yomveka sopo pa lilime, yachikasu chodera mkati, yachuluka soda. Soda imafuna chowawasa choti igwirizane nacho. Ikasowa, yotsalayo imasanduka sodium carbonate ikatenthedwa, ndipo ndi imene mukuilawayo. Theka la kasupuni pa magalamu 500 a ufa ndi lokwanira kuthandiza mtundu ndi kukukutika kwa khungu. Mukaona timadontho tabulauni pakhungu, ndiye kuti soda sinasakanizike. Isungunuleni m'madzi pamodzi ndi mchere musanathire mu ufa.

Maphikidwe ena, makamaka a ku Hong Kong ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, amaika ammonium bicarbonate. Iyi ikatenthedwa imasanduka yonse mpweya wa ammonia, carbon dioxide ndi nthunzi, n'chifukwa chake imatupitsa mwamphamvu ndi kuumitsa khungu bwino. Fungo lake pa mtanda wauwisi ndi loboola mphuno, koma limayenera kutha pokazinga. Likatsalira, ndiye kuti munaika yambiri, kapena youtiao inali yonenepa ndipo sinapse mpaka mkati. Magalamu awiri kapena atatu pa magalamu 500 a ufa ndi poyambira pabwino, ndipo ikatuluka m'chiwaya muisiye mphindi zochepa pa mpweya musanaidye.

Ndiye pali alum, mtundu wa mchere wokhala ndi aluminiyamu, amene ena angakuuzeni kuti ndiye chinsinsi chenicheni. N'zoona kuti maphikidwe akale a m'misewu anali a alum, soda ndi mchere, ndipo ankapereka youtiao yaikulu yokukutika kwambiri. Vuto ndi aluminiyamu amene amatsalira m'chakudya. Mu 2011 komiti ya akatswiri ya FAO ndi WHO (nthambi za United Nations zoona za chakudya ndi za umoyo), yotchedwa JECFA, inaika mlingo wa aluminiyamu woti munthu asapyole pa mamiligalamu awiri pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa mlungu. Kuyambira pa 1 July 2014 dziko la China linaletsa alum mu ufa wa tirigu ndi zakudya zambiri zopangidwa nawo, monga buledi wophika ndi nthunzi. M'zokazinga ngati youtiao linamulolabe, koma aluminiyamu wotsalira asapyole mamiligalamu 100 pa kilogalamu. Kunyumba mulibe njira yoyezera zimenezo, ndipo ana ndi amene amafika pa mlingowo msanga chifukwa matupi awo ndi opepuka. Maganizo anga ndi akuti musamuike. Kusiyana kwake ndi kochepa poyerekeza ndi kumene kumabwera ndi mtanda wopumula bwino ndi mafuta otentha. Dziwaninso kuti baking powder ina ya double acting ili ndi aluminiyamu. Pa chitini mukaona E521 kapena E541, ndi yomweyo. Yolembedwa E450 imagwira ntchito yofananayo popanda aluminiyamu.

Ikazizira

Kufewa kwa youtiao pakapita kanthawi si kulakwitsa kwanu. Chinyezi cha mkati chimasamukira kukhungu, ndipo n'chifukwa chake ku China anthu amaima pamzere pafupi ndi chiwaya m'malo mogula yophikidwa kale. Chimene mungapewe ndi kuifewetsa msanga. Ikatuluka, iimikeni chilili m'sefa yachitsulo kuti mafuta atsike ndi nthunzi ituluke. Osaiunjika, osaivundikira, osaiika m'jumbo ikadali yotentha. Ikakhala yolimba ngati chikopa ikangozizira pang'ono, bwererani ku nkhani ya ufa wa buledi, kukanda kwambiri ndi madzi ochepa.

Zotsala zikazizira ziikeni mu firiza. Pozitenthetsa, uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi umabwezeretsa khungu. Microwave imazifewetsa kenako n'kuzilimbitsa. Zimene zagona panja n'kuuma musataye: ziduleni tizidutswa, zikazingeninso mphindi imodzi mpaka zikukutike, n'kuziwaza pa phala la mpunga. Ku Shanghai amazikulunga mu mpunga womata pamodzi ndi ndiwo zamasamba zamchere, chakudya cham'mawa chotchedwa cifantuan, ndipo ku Hong Kong youtiao yatsopano amaikulunga m'chikopa chofewa cha ufa wa mpunga n'kuthirapo soy sauce, chimene amachitcha zhaliang.

Mukamayesanso, sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo kazingani imodzi yokha poyamba n'kuithyola musanadule mtanda wonse. Ikakhala yothinana koma yosamwa mafuta, upatseni mtanda theka lina la ola. Ikakhala yothinana ndiponso yonona mafuta, onjezani moto.